Kuzungulira Malta, Gozo ndi Comino pa boti ndi pamtunda: poyambira ndi potsirizira

Amene mumawerenga Baibulo mukuchidziwa kale chilumba cha Malta, kungoti mumachidziwa ndi dzina lakale la Melita. Ndi kumene ngalawa imene inanyamula Paulo ndi anzake, onse pamodzi anthu 276, inasweka ndi namondwe iwo n'kupulumukira kumtunda, monga mmene Machitidwe 27 ndi 28 amafotokozera. Lero Malta ndi dziko loima palokha pakati pa nyanja ya Mediterranean, makilomita osakwana 100 kummwera kwa Sicily. Zilumba zake zopondapo alendo ndi zitatu: Malta weniweniyo, amene kutalika kwake ndi makilomita 27 basi, Gozo, ndi kachilumba ka Comino kamene kali pakati pa ziwirizi. Dzikoli linalandira ufulu kuchokera kwa Angerezi pa 21 Seputembala 1964, chaka chimodzi ndi Malawi ndi Zambia, ndipo zina mwa zimene atsamunda anasiya zidzakupepusirani ulendo: Chingerezi chimamveka paliponse, galimoto zimayenda kumanzere, ndipo pulagi ya magetsi ndi yamano atatu yomwe ija.

Mfundo imodzi muigwiritsitse musanawerenge zina zonse: pa zilumba zing'onozing'ono wolamula ulendo ndi mphepo. Mukalemba kuti Lachiwiri ndi tsiku la Comino, n'kulipiriratu zonse, mphepo ikhoza kudzuka Lachiwirilo n'kumangirira maboti onse padoko. Choncho ndondomeko ili m'munsiyi yakonzedwa kuti masiku a panyanja azisuntha, ndipo zoona za pamtunda zikhale zosungira tsiku loipa.

1. Yambani ndi mapepala

Malta ali m'chigawo cha Schengen, cha maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndiye wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza. Chiphaso chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi, ngakhale kuti kuchoka ku London ndi maola atatu okha pa ndege. Pempho mukhoza kulipereka kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo lisachedwe kufika masiku 15 omaliza. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu mutatuluka m'chigawocho. Adzafuna inshuwalansi ya chipatala yokwana mayuro 30,000, umboni wa kogona, tikiti yobwerera ndi sitetimenti ya kubanki. Malipiro a munthu wamkulu anakwera kufika mayuro 90 mu Juni 2024. Onani pa tsamba la unduna woona za maiko akunja wa Malta kuti mudziwe ofesi imene imalandira mapempho a anthu a dziko limene mukukhala.

Ndege yochoka ku Lilongwe kapena Lusaka kukatera ku Malta palibe. Mudzasintha kawiri nthawi zambiri, komaliza ku mizinda ngati Rome, Istanbul kapena Frankfurt. Mukafuna kudzera ku London, funsiranitu za viza yongodutsira. Bwalo la ndege ndi limodzi lokha, lili ku Luqa.

Pasipoti kapena kope lake muziyenda nayo. Nyanja yomwe alendo amasambiramoyi ndi yomwe imamiza abale athu a mu Africa amene amanyamuka ku Libya pa maboti odzaza mopitirira muyeso, ndipo nkhani ya anthu olowa popanda mapepala ndi yaikulu ku Malta. Munthu wakuda akhoza kufunsidwa chiphaso pamene mnzake sanafunsidwe. Zimawawa, koma muli ndi pepala m'thumba nkhani imathera pomwepo.

2. Sankhani mwezi

Julayi ndi Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 30, mitengo ya zipinda imakwera, ndipo gombe lililonse limadzaza. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula ndi mafunde, maboti ang'onoang'ono ambiri amapuma. Ine ndingakulangizeni Meyi, Juni, kapena kumapeto kwa Seputembala. Mwa itatuyi Seputembala amaposa kwa wofuna kusambira, chifukwa madzi amakhala atatenthedwa chilimwe chonse. Mu Meyi zilumba zimakhala zikadali zobiriwirako, koma madzi amazizira ndithu.

Masiku 7 ndi okwanira. Ochepera 5 mudzangothamanga.

3. Gawani kogona pawiri

Musagone malo amodzi sabata yonse. Yambani ndi masiku atatu ku Valletta (likulu la dzikoli), Sliema kapena Birgu, kenako awiri kapena atatu ku Gozo, ndipo usiku womaliza mubwerere ku chilumba chachikulu. Anthu ambiri amapita ku Gozo m'mawa n'kubwerako madzulo, ndipo theka la tsiku limathera m'basi ndi pamzere wa sitima.

Galimoto yobwereka siyofunika kwenikweni. Misewu ndi yopapatiza, poimika pamavuta, ndipo mabasi amafika pafupifupi paliponse. Tikiti imodzi imagwira ntchito maola awiri ngakhale mutasintha basi. Mukakhala sabata, gulani khadi ya masiku 7 yotchedwa Explore, imene imagwira ku Malta ndi ku Gozo komwe, ndipo ikani pulogalamu ya Tallinja mu foni kuti muziona basi ili pati. Poimirira basi tambasulani dzanja, apo ayi dalaivala adzangodutsa. Kuti musasochere pofunsa njira, dziwani kuti m'Chimalta x amamveka ngati sh, ċ ngati ch, ġ ngati j, ndipo għ sanenedwa.

4. M'mawa uliwonse, yambani mwaona mphepo

Ili ndi gawo limene ambiri amalumpha. Amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera akudziwa kuti kumwamba kukhoza kuwala bwinobwino pamene madzi akuwinduka. Ku Malta n'chimodzimodzi. Dzuwa lisakupusitseni.

Mphepo yofala kwambiri ndi majjistral, yochokera kumpoto chakumadzulo. Ikawomba, Dwejra ku Gozo, Golden Bay ndi mbali yonse ya kumadzulo kumachita mafunde, pamene Marsaxlokk ndi magombe a kummwera chakummawa amakhala bata. Grigal imachokera kumpoto chakummawa, imabwera makamaka nthawi yozizira, ndipo ndi yoopsa: imamenya Valletta, Sliema ndi St Paul's Bay, ndipo akatswiri ambiri amati ndi imene inagwira ngalawa ya Paulo. Xlokk ndi mphepo yotentha, yachinyontho, yochokera kummwera chakummawa, mbali ya Africa, ndipo imasokoneza maulendo a ku mapanga a m'nyanja a Blue Grotto.

Lamulo lake ndi lapafupi: pitani mbali ya chilumba imene mphepo ikulowera, osati kumene ikuchokera. Popeza chilumba n'chaching'ono, basi ya ola limodzi imakuchotsani ku mafunde kukakufikitsani ku madzi odekha. Onani zanyengo pa tsamba la bwalo la ndege, limene limapereka mphamvu ya mphepo m'manambala. Ikafika pa 5, maboti ang'onoang'ono amayamba kugwedezeka kwambiri, ndipo wa nseru asakwere. Tsiku loyamba la bata limene mungapeze, siyani zonse mupite ku Comino. Musati "tipita mawa".

5. Doko la Valletta mulione muli pamadzi

Mzinda wa Valletta unamangidwa kuti uzioneka kuchokera kunyanja, ndipo wofika pa basi amalowera kuseri. Mukagona ku Sliema, kwerani sitima yaing'ono yowolotsa anthu. Ndi mphindi zosakwana 10, ndipo malinga a miyala yachikasu amakula pamaso panu pang'onopang'ono. Mukatsika pali chitunda, ndiye valani nsapato zoyendera.

Lowani mu St John's Co-Cathedral m'mawa anthu asanachuluke. Kunja sichioneka kanthu, koma mkati mwake golide ali ponseponse, ndipo pansi pamene mukupondapo ndi manda a nsangalabwi pafupifupi 400 a asilikali a gulu la Yohane Woyera, amene anapatsidwa chilumbachi mu 1530. M'chipinda cha pambali muli chithunzi chachikulu cha kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi chimene Caravaggio, katswiri wojambula wa ku Italy, anajambula mu 1608. Yandikirani muone pansi pa khosi la Yohane: wojambulayo analemba dzina lake ndi utoto wofiira wa magazi amene akutuluka pakhosipo, ndipo ndi chithunzi chokhacho chimene anasainira. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, nsapato za gogoda zosongoka saloleza, ndipo Lamlungu tchalitchichi ndi cha mapemphero, osati cha oona malo.

Nthawi ikamayandikira 12 koloko masana, khalani mutafika ku Upper Barrakka Gardens, kumene amaomba mzinga. Amaombanso 4 koloko madzulo. Kutsidya mukuona Fort St Angelo ndi mizinda itatu ya Birgu, Senglea ndi Cospicua. Apa ndi pamene panachitikira nkhondo ya mu 1565, pamene asilikali a Ottoman, ufumu wakale wa ku Turkey, anazinga doko kuyambira Meyi mpaka Seputembala koma osaligonjetsa. Chaka chotsatira Jean de Valette, mtsogoleri wa gulu la Yohane Woyera, anaika mwala woyamba wa mzinda umene mwaimamowu.

Tsikani ndi chikepe cha Barrakka, chotalika mamita 58, muwoloke msewu, mufike pamene pamaima dgħajsa. Ndi bwato lamatabwa lopakidwa utoto wowala, la mphuno yaitali kutsogolo ndi kumbuyo, lonyamula anthu ochepa. Masiku ano lili ndi injini, koma poyandikira doko mwini wake amaimirira, n'kugwira nkhafi ziwiri zazitali, n'kumakankha akuyang'ana kutsogolo. Kuwoloka ndi mayuro ochepa. Mukafuna kuti akuzungulitseni doko lonse kwa theka la ola, gwirizanani mtengo musanakwere. Kwa ine ulendo uwu umaposa wa maboti akuluakulu ochoka ku Sliema okhala ndi zokuzira mawu, chifukwa mumakhala pafupi ndi madzi ndipo mumatha kufunsa. Ku Birgu yendani m'tinjira ta kuseri, kenako pitani ku nsonga ya Senglea kumene kuli kansanja ka alonda kosemedwa diso ndi khutu.

6. Comino: pitani m'mamawa, ndipo musakhale pamodzimodzi

Comino ndi kachilumba ka masikweya kilomita 3.5, kopanda tauni, kopanda mthunzi wokwanira, kokhala anthu owerengeka pa zala. Anthu amathamangira Blue Lagoon, kampata ka madzi osaya pakati pa Comino ndi thanthwe la Cominotto. Pansi pake ndi mchenga woyera, n'chifukwa chake madziwo amawala mwakuti boti limaoneka ngati lalendewera m'malere.

Chitani izi motsatana. Choyamba, lembetsani pa intaneti. Kuyambira Meyi 2025 aliyense wofuna kutsika pa Blue Lagoon amayenera kukhala ndi chilolezo chaulere chokhala ndi QR code, ndipo tsiku linagawidwa m'zigawo zitatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Boma linachita izi chifukwa anthu ankafika masauzande ambirimbiri pa kamalo kakang'ono. Sankhani chigawo cha m'mawa. Chachiwiri, kwerani boti loyamba. Ochokera ku Malta amakwerera ku Ċirkewwa kapena Marfa, kumene amafika ndi basi 41 kapena 42 kuchoka ku Valletta, kapena 222 kuchoka ku Sliema. Basiyo imatenga ola ndi kuposerapo. Ochokera ku Gozo amakwerera ku Mġarr, ndipo kumeneko n'kwapafupi. Chachitatu, funsani nthawi ya boti lomaliza, ndipo sungani tikiti yobwerera pouma, chifukwa kampani iliyonse imanyamula anthu ake okha.

Musanakhale pansi m'boti, yang'anani pamene pali majekete oyandamitsa. Ngati simukuwaona, funsani. Ngati muli ndi ana, awaveke.

Nyamulani madzi akumwa ambiri, chipewa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa (khungu lakuda limapsanso, makamaka pamapewa ndi pamphuno), ndi nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa miyala ya kumeneko ndi yakuthwa. Malta alibe mtsinje ngakhale umodzi woyenda chaka chonse, ndipo madzi ambiri a m'mipope ndi a m'nyanja ochotsedwa mchere. Pa Comino botolo lililonse limabwera pa boti, mtengo wake umasonyeza zimenezo.

Za kusambira ndinenepo mosabisa. Madzi a mchere amayandamitsa kuposa a nyanja ya Malawi, ndipo zimenezi zimanamiza munthu kuti akudziwa kusambira. Pakati pa Comino ndi Cominotto madzi amakoka, makamaka mphepo ikadzuka. Khalani mkati mwa zingwe zimene anaika. Mbendera yofiira ikakwezedwa musalowe, ndipo yofiirira ngati biringanya ikutanthauza kuti m'madzi muli tizilombo toluma totchedwa jellyfish. Kakakulumani, tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo, osati akumwa, ndipo musakande. Nambala ya ngozi ndi 112.

Pofika 11 koloko maboti akuluakulu amakhala atafika, nyimbo zili pokopoko, makoko a chinanazi chomwera zakumwa ali mbwee pamiyala. Imeneyo ndi nthawi yonyamuka wapansi. Tsatirani kanjira ka pamwamba pa matanthwe kulowera kummwera. Mudzaona Crystal Lagoon pansi panu, madzi akuya obiriwira ozunguliridwa ndi makoma a miyala, kenako mudzafika pa nsanja ya Santa Marija imene Alof de Wignacourt, mtsogoleri wina wa gulu la Yohane Woyera, anamangitsa mu 1618 kuti aziona achifwamba a panyanja amene ankabisala m'mapanga a chilumbachi. Mbendera ikakhala pamwamba ndiye kuti ndi yotsegula. Mbali ya kumpoto kuli gombe la Santa Marija, lamchenga, lokhala ndi mitengo pang'ono ndi katchalitchi. Chilumba chonse ndi malo otetezedwa a mbalame ndi zomera. Chinyalala chanu mubwerere nacho, ndipo musathyole kanthu.

7. Wolokerani ku Gozo

Njira zilipo ziwiri. Sitima yaikulu ya Gozo Channel imanyamuka ku Ċirkewwa, imanyamula anthu ndi galimoto, imayenda usana ndi usiku, ndipo imatenga mphindi 25. Popita simulipira kanthu, tikiti mumagula pobwerera ku Mġarr, choncho musadabwe kuti palibe wakufunsani ndalama. Woyenda pansi amalipira pafupifupi mayuro 5. Kwerani pamwamba, mukhale mbali ya kumanja kuti muone Comino ndi nsanja yake mukudutsa. Njira yachiwiri ndi sitima yothamanga yochoka ku Valletta, imene inayamba mu 2021. Imatenga mphindi 45, imanyamula anthu okha, koma imagwedezeka ndipo ndi imene imayamba kuimitsidwa nyanja ikakwiya. Pewani Lachisanu madzulo popita ndi Lamlungu madzulo pobwera, chifukwa eni dziko amakhala akupita ndi kubwera kokapuma.

Pa Mġarr kwerani basi 301 yopita ku Victoria, tauni imene anthu a kumeneko amaitchulabe kuti Rabat. Mabasi pafupifupi onse a Gozo amayambira pamenepa, ndipo ambiri amabwera kamodzi pa ola, ndiye jambulani ndandanda ya nthawi ndi foni.

Kwerani ku Ċittadella, linga lakale la pamwamba pa phiri ku Victoria komweko, poyamba. Mukayenda pamwamba pa linga mudzaona chilumba chonse: mapiri athyathyathya pamwamba, minda yogawidwa ndi mipanda ya miyala yosanja popanda simenti, ndi denga lozungulira la tchalitchi m'mudzi uliwonse. Mu 1551 asilikali a Ottoman anagonjetsa lingali n'kutenga pafupifupi anthu onse a pachilumbachi, okwana 5,000 kapena kuposa, kupita nawo ku ukapolo ku Tripoli. Kwa zaka zambiri pambuyo pake lamulo linkakakamiza anthu a Gozo kugona mkati mwa linga usiku. Ife amene makolo athu anaona mizere ya akapolo ikulowera ku Nkhotakota sitingaime pamenepo osamva kanthu.

Tsiku la bata pitani ku Dwejra pa basi 311. Musakafunse Azure Window, thanthwe lobooka lija la pa zithunzi zakale, chifukwa linagwera m'nyanja pa 8 Malichi 2017 kukuwomba namondwe. Chimene chilipo ndi Inland Sea, dziwe la madzi a mchere lozunguliridwa ndi matanthwe, lolumikizana ndi nyanja kudzera m'phanga lalitali lopapatiza. Asodzi amakunyamulani m'maboti ang'onoang'ono. Mumalowa mumdima, injini ikumveka m'makoma, madzi akusintha kuchoka kobiriwira kupita kobiriwira kwakuda, kenako mwadzidzidzi mwatulukira panyanja yaikulu pansi pa matanthwe aatali. Ndi mphindi 15 kapena 20, ndipo muzilipira ndalama ya m'manja. Mukapeza maboti akokeredwa kumtunda, musawakakamize. Iwo akudziwa zimene zili kuseri kwa phangalo.

Ku Xagħra kuli akachisi a Ġgantija, omangidwa cha m'ma 3600 Yesu asanabadwe, akale kuposa mapiramidi a ku Egypt. Miyala ina ndi yotalika kuposa mamita 5, ndipo anthu amene anaiimika analibe chitsulo kapena gudumu. Kuchoka pamenepo tsikirani ku Ramla, gombe la mchenga wofiira. Cha kumpoto, kupitirira Marsalforn, ku Xwejni kuli timaiwe tosemedwa pamwala m'mphepete mwa nyanja, tambirimbiri, momwe mabanja amaumitsira madzi n'kukolola mchere m'miyezi yotentha. Mudzawaona akusesa mcherewo ndi matsache n'kuunjika timilu toyera. Musaponde m'timaiwemo, ndi munda wa eni ake. Gulani kathumba, ndi mphatso yabwino yosalemera. Akatolika asaphonye Ta' Pinu, tchalitchi chachikulu chili chokhachokha pakati pa minda, kumene mayi wina wa m'mudzi, Karmni Grima, anati anamva mawu a Maria mu 1883. Papa Yohane Paulo II anafikako mu 1990, Papa Francis mu 2022.

Pa chakudya, funsani ftira ya ku Gozo, buledi wathyathyathya wophikidwa ndi mbatatesi, tomato ndi nsomba kapena tchizi pamwamba, ndi ġbejniet, titchizi tating'ono ta mkaka wa nkhosa. Cha mtengo wotsika kwambiri m'dziko lonse ndi pastizzi, zokhala ndi tchizi kapena nsawawa mkati. Ndiwo ya ulemu ndi kalulu wophika ndi vinyo ndi adyo. Mukapita mu Seputembala mudzapeza lampuki, nsomba ya nyengo imeneyo.

8. Kummwera kwa Malta: m'mawa umodzi, malo awiri

Kwerani basi 74 kuchoka ku Valletta mutsike ku Wied iż-Żurrieq. Musanatsikire kudoko, imani pamsewu pamwamba muone khomo lalikulu la Blue Grotto lonse. Maboti amanyamula anthu osakwana 10 ndipo amalowa m'mapanga angapo kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Pitani dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa kuwala kumalowa m'mapangamo kuchokera kummawa. Pisani dzanja m'madzi woyendetsa akakuuzani, mudzaliona litasanduka lobiriwira. Kachilumba kathyathyathya kamene mukukaona patali ndi Filfla. Asilikali a Britain ankaphunzirirapo kuombera, ndipo lero n'koletsedwa kutsikapo chifukwa ndi koswerana mbalame.

Basi yomweyo imakufikitsani ku Ħaġar Qim ndi Mnajdra, akachisi ena akale amene anawaphimba ndi matenti akuluakulu kuti mvula ndi dzuwa zisadye miyala. Lamlungu m'mawa ndi la Marsaxlokk, pa basi 81 kapena 85: msika wa nsomba, ndi maboti a luzzu opakidwa chikasu, chofiira ndi chobiriwira, lililonse lili ndi maso awiri kutsogolo. Fikani 9 koloko isanakwane ngati mukufuna kuona nsomba osati zikumbutso za alendo zokha.

9. Tsiku la mphepo, khalani pamtunda

Mdina ndi Rabat musunge kaamba ka tsiku limeneli. Mabasi 51, 52 ndi 53 amapita kumeneko. Mdina ndi likulu lakale, lozunguliridwa ndi linga, la tinjira tokhotakhota momwe galimoto za alendo sizilowa. Kunja kwa chipata, ku Rabat, kuli phanga limene mwambo wa mpingo umati Paulo anakhalamo miyezi itatu ija, ndi manda akale a pansi pa nthaka okhala ndi matebulo ozungulira osemedwa pamwala pamene abale ankadyera pokumbukira omwalira. Publius, mkulu wa chilumba amene bambo wake anachiritsidwa ndi Paulo, anthu a ku Malta amamutenga ngati bishopu wawo woyamba, ndipo 10 Febuluwale ndi tchuthi cha dziko lonse chokumbukira kusweka kwa ngalawa ija. Tizilumba ta St Paul, tokhala ndi chifanizo chake pamwamba, mudzationa bwino mukakwera boti lochoka ku Buġibba kupita ku Comino.

Pobwerera tsikani ku Mosta. Pa 9 Epulo 1942 bomba linaboola denga lozungulira la tchalitchi cha kumeneko anthu mazana ali mkati kudikira misa, linagwera pansi, osaphulika. Chofanana nalo anachiika m'chipinda cha kuseri.

Malo amodzi okha safuna kudikira mphepo: Ħal Saflieni Hypogeum ku Paola, manda ndi kachisi wosemedwa pansi pa nthaka zaka zoposa 5,000 zapitazo. Amalowetsa anthu 10 okha pa ola, ana osakwana zaka 6 salowa, ndipo matikiti amatha milungu ingapo nthawi isanakwane. Gulani pa tsamba la Heritage Malta, bungwe losamalira malo akale, tsiku lomwe viza yatuluka, ndipo muike tsikulo kumayambiriro kapena kumapeto kwa sabata yanu kuti lisakuphereni tsiku la bata pakati.

10. Kubwerera

Musagone ku Gozo usiku woti m'mawa mwake mukwere ndege. Sitima yaikulu siimaima kawirikawiri, koma yothamanga imaima, ndipo kuchoka ku Ċirkewwa kukafika ku Luqa pa basi ndi ola lathunthu kapena kuposa. Wolokani dzulo lake masana, mugone ku Valletta kapena pafupi ndi bwalo la ndege. Mchere wa ku Xwejni ndi botolo la Kinnie, chakumwa chawo cha malalanje owawa, muike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Ngati mukusintha ndege ku Rome kapena Frankfurt, kumeneko ndi kumene mudzatulukire m'chigawo cha Schengen, choncho siyani maola osachepera awiri pakati pa ndege ziwirizo, ndipo onetsetsani kuti tsikulo likadali mkati mwa masiku a viza yanu.